Kodi mwambi wa "Ndionetsetse adathetsa nkhosa" umadzudzula ndani?

Akuluakulu odziwa chinenero, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa za momwe mayiko amakambirana mapangano oteteza chilengedwe, ndipo ndakhala ndikugwiritsa ntchito mwambiwu. Ndimaumva motere: mbusa adaona chinthu chikuzungulira khola mumdima, nati ayambe watsimikiza ngati ndi fisi kapena galu, ndipo pomwe ankatsimikiza n'kuti nkhosa zitatha.

Ndimaufanizira ndi nkhani ya ozoni. Mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland adachenjeza kuti mpweya wa CFC, wa m'mafiriji uja, ungawononge ozoni yomwe imatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo pamene mayiko ankasaina pangano la Montreal lochepetsa mpweyawu mu 1987, asayansi anali asanatsimikize kotheratu chimene chidaboola ozoniyo pamwamba pa Antarctica. Adasainabe. Koma wophunzira wina wandifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, si makolo omwewo adati kuona maso a nkhono n'kudekha?" Kodi miyambi iwiriyi ikutsutsana?

Yankho: Aphunzitsi, yang'anitsitsani mneniyo. Mwambi sudati "ndione" koma "ndionetsetse," kutanthauza kuti mbusayo adaona kale zokwanira kuti akuwe, koma adafuna umboni wopanda kachikaiko n'kamodzi komwe. Wodikira nkhono sataya kanthu, pakuti nkhono sidya nkhosa. Mfundo ya 15 ya chikalata cha zachilengedwe chimene mayiko adagwirizana ku Rio, m'dziko la Brazil, mu 1992 ikunena zomwezo, kuti pamene pali chiopsezo chachikulu kapena chosabwezeka, kusowa kwa umboni wathunthu kusakhale chifukwa chozengerezera. Asayansinso sakaika mwachisawawa, amayeza chikaiko chawo: bungwe la IPCC, lomwe limaunika umboni wa sayansi pa za kusintha kwa nyengo, likati chinthu ndi "very likely," limatanthauza kuti mpata woti n'choona ukuposa 90 pa 100.

Wofunsa: Zikomo, mwandimasula pa mneniyo. Komabe chatsala chimodzi. Lipoti la IPCC la 1995 lidangoti umboni ukupendekera kwakuti anthu akusintha nyengo, ndipo mpaka mu 2021 ndi pamene lidanena kuti palibenso chokaikitsa. Amene ankati "tionetsetse" m'zaka 26 zimenezo nthawi zambiri anali mayiko ndi makampani opindula ndi malasha ndi mafuta, pamene nkhosa zojiwa zinali za mayiko a pazilumba zing'onozing'ono. M'mwambi, wozengereza ndi mwini khola yemwe. Kodi ulipo mwambi wonena za munthu wochedwetsa dala kukuwa chifukwa khola si lake?