Matani 25 akusowa pa matikiti, wa masitolo akukana kusayina

Wamalole Kanengo:
Abale thandizeni, mutu waima. Tinapata kontirakiti ya boma yosamutsa ndi kuyeza zitsulo zomwe zakhala pa depoti ina kuno ku Lilongwe kwa zaka kaya zingati, kuchotsa yadi yakale kupititsa yatsopano. Dipatimenti sinditchula, musandifunse. Katundu wake ndi zitsulo za konkire (rebar) za Y12 ndi Y16, mapaipi a GI, ma angle iron ndi zidutswa za njanji. Malipiro ndi pa tani, potengera matikiti a weighbridge, sikelo yoyezera magalimoto. Buku lawo likuti matani 412. Ife tanyamula zonse, yadi tasesa mpaka msomali, maulendo 19, matikiti ndaphatikiza kanayi konse akungondipatsa 387. Matani 25 kulibe. Wa masitolo, wosunga katundu wa pa depotiyo, akuti sasayina completion certificate, chikalata chovomereza kuti ntchito yatha, mpaka manambala agwirizane, ndiye invoice yangokhala mu galimoto sabata yachitatu ino. Dzulo wandikokera pambali nkundiuza kuti ndingolemba 412 pa summary, buku litsekeke, inenso ndilandire zambiri. Kireni ndinachita kubwereka, mwini wake akuimba m'mawa ndi madzulo. Aganyu 14 sindinawamalize. Nditani?

Che Sikelo:
Tare, kulemera kwa lole yopanda katundu, munkatenga kangati achimwene?

Wamalole Kanengo:
Kamodzi, tsiku loyamba. Lole ndi imodzimodzi yomweyo, nanga isintha bwanji.

Che Sikelo:
Basi nkhani yathera pomwepo. Tare imatengedwa ulendo uliwonse. Lole yolowa yopanda kanthu iyezedwe, yotuluka ndi katundu iyezedwe. Zaka zonse ndakhala pa sikelo sindinaonepo tare ya kamodzi ikutha bwino.

Mayi wa Masitolo:
Za tare mukambirana bwino, ine ndiyambe ndi chomwe chandiopsa. Mwana wanga, 412 imeneyo usalembe. Ndinagwira m'masitolo a boma mpaka kupuma, ndikudziwa mmene pepala limayendera. Ukalemba 412 ndiye kuti wavomera ndi dzanja lako kuti unanyamula matani 412 kuchoka yadi yakale. Tsiku lomwe a audit adzawerenge ku yadi yatsopano nkupeza 387, funso lidzakhala lakuti matani 25 anatsikira pati pamsewu, ndipo lole inali yako. Amene wakukokera pambaliyo adzangotulutsa pepala lako mu faelo, iye manja oyera. Komanso ukhala utalandira ndalama za boma pa ntchito yomwe sunagwire. Pamenepo si za audit zokha, a ACB kapena apolisi a fiscal akhoza kukuyendera, ndipo a PPDA, oyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, amatha kukuletsa kupikisana nawo pa ma tender. Ndalama ya matani 25 ndi zingati poyerekeza ndi zimenezo?

Wamalole Kanengo:
Amayi sindinalembe, nchifukwa chake ndabwera kuno. Koma mwini kireni samva za audit.

QS wa ku Zomba:
Che Sikelo, tiyeni tiwerengere limodzi. 25 kugawa ndi 19 ndi pafupifupi tani 1.3 pa ulendo. Thanki ya malita 400 ikadzadza dizilo ndi makilogalamu pafupifupi 340. Tiyerekeze kuti tare anatenga thanki ili yodzadza kenako maulendo onse anayenda thanki ili yopanda kanthu, zomwe sizingatheke, mupeza matani 6 ndi theka. Enawo ali kuti? Ine funso langa ndi lina. Kodi 412 ya m'bukuyo inachokera pa sikelo kapena pa calculator? Masitolo ambiri polandira rebar amangowerenga zitsulozo nkuchulukitsa. Y12 ndi makilogalamu 0.888 pa mita, chitsulo cha mamita 12 ndi makilogalamu 10.66. Y16 ndi 1.58 pa mita. Koma BS 4449 yomwe, muyezo wa ku Britain wa rebar, imalola kusiyana kwa 4.5 peresenti pa masaizi amenewa, ndipo opanga zitsulo sakonda kulakwira kumtunda. Ndiye onjezani zija timagula amati mamita 12 koma ukaika tepi ikuthera pa 11.7. Ngati buku ndi la theoretical weight, kulemera kongowerengetsera, mukufanizira zinthu ziwiri zosiyana.

Che Sikelo:
Masamu ndawaona bwana QS. Koma tare si dizilo yekha. Matayala a sipeya awiri, matcheni, matenti, jeke, matabwa oyalira pansi, anyamata atatu atakhala kumbuyo. Tsiku loyamba zonsezo zimakhala m'galimoto chifukwa ndi tsiku losamukira pa saiti. Mawa lake zatsitsidwa. Ndikuti tare.

QS wa ku Zomba:
Ngakhale mutakwezamo mpingo wonse wa kwaya simufika tani 1.3 ulendo uliwonse madala.

Foloko 7:
Kkkk. Koma zoti anthu amasewera ndi tare ndi zoona. Ndili pa yadi ina ya sikirapu ku Blantyre kunkabwera dalaivala wina wa 7 tonner, munthu waulemu, moni mpaka kugwira m'mawondo. Iye ankagula kwa ife. Polowa wopanda katundu galimoto yake inkalemera modabwitsa. Tsiku lina mlonda anaona madzi akuyenderera kuseri kwa shedi dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa October. Kupita kukaona, munthu watsegula ma drum awiri a malita 200 omwe anawabisa pansi pa tenti. Makilogalamu 400 aulere ulendo uliwonse, miyezi kaya ingati. Atagwidwa anati ndi madzi a radiator.

Che Sikelo:
Mwamva? Tare.

Foloko 7:
Ayi madala, ameneyo tare ankatenga ulendo uliwonse ndithu, nkumabera momwemo.

Kalaliki wa Limbe:
Mwina buku linalembedwa mu short ton? Katundu wina wobwera ndi mapulojekiti a ma donor mapepala ake amakhala a ku America.

QS wa ku Zomba:
Ndayesa kale. Short ton ndi makilogalamu 907, ndiye 412 ikhala matani 374. Akanakhala ndi 13 owonjezera, osati 25 osowa. Long ton ndi 1,016, imeneyo ingokulitsa dzenje. Sizikugwirizana.

Mayi wa Masitolo:
Musanayambe ntchito munachita joint stock-take? Ndikutanthauza iwe, wa masitolo ndi wa internal audit kuyenda limodzi mulu ndi mulu, kuwerenga, onse nkusayina. Ndipo bin card, khadi lolembapo katundu wolowa ndi wotuluka, unaiona ndi maso ako kapena anangokuuza nambala?

Wamalole Kanengo:
Sitinachite. Anati nthawi yatha, chaka cha boma chikutsekedwa pa 31 March, tiyambe basi. 412 ili mu bidding document ngati estimated quantity. Bin card ndinaiona patali, ndi makadi achikasu ena anadyedwa ndi chiswe.

Mayi wa Masitolo:
Estimated. Mawu amenewo uwagwire ndi manja awiri. Ngati kontirakiti ikuti malipiro ndi pa kulemera koyezedwa, ntchito yako ndi matikiti 19 aja, kusiyana kwa buku ndi katundu ndi mutu wa mwini masitolo ndi controlling officer wake, mkulu woyankha za chuma cha dipatimentiyo. Iwowo ali ndi njira zawo, amaitanitsa board of survey, gulu lodzawerenga katundu, amalemba lipoti la kusowa kwa katundu. Si ntchito ya kontirakitala kutseka dzenje la m'buku la boma. Koma ndikuuziretu, yadi imene yakhala zaka popanda kuwerengedwa, mpanda wake uli ndi mabowo, zitsulo zimayenda usiku pa njinga ziwiriziwiri. Ndinaonapo mulu wa mapaipi wooneka bwinobwino kutsogolo, kumbuyo kuli mphako yoti munthu nkugonamo. Wa masitolo wakoyo mwina akudziwa, mwina anaupeza choncho ndipo akuopa kuti umugwera iyeyo. Usamunene kuti waba, ulibe umboni. Lemba kalata yofatsa kwa wapampando wa IPDC, komiti ya dipatimentiyo yoona zogula ndi kugulitsa katundu, kope kwa internal audit, umatepo mafotokope a matikiti onse. Ma original asachoke m'manja mwako. Kope yako adindepo chidindo cha received ndi deti.

Kalaliki wa Limbe:
Apo pa ma original ndikuvomereza. Ife tinapereka ma delivery note enieni ku ofesi ina, faelo inasowa, tinatha miyezi 11 tikuyendera. Pomwe ndalama imatuluka nkuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zomwe tinalandira sizinakwane ngakhale kubweza ngongole ya matayala. Matikiti a sikelo ambiri ndi a thermal paper, amafufutika okha ukawasiya pa dashboard. Ajambuleni lero lomwe.

Che Sikelo:
Kalata lembani, sindikukana. Koma akakufunsani kuti tare ya ulendo wa 12 ili kuti mudzayankha chiyani? Matikiti 19 onse ali ndi tare imodzi. Wa audit wanzeru adzayambira pomwepo ndipo adzawakana onse.

Mayi wa Masitolo:
Apa pokha Che Sikelo akunena zoona.

Che Sikelo:
Si apa pokha mayi.

Injiniya wa Masikelo:
Ndachedwa kulowa. Achimwene a ku Kanengo, ndiyankheni izi. Sikeloyo ndi ya yani, deck yake, poimapo galimoto, ndi yaitali bwanji, ya m'dzenje kapena yapamwamba, ndipo sitika ya MBS, bungwe loona za miyezo, ndi ya liti? Munayeza mwezi uti?

Wamalole Kanengo:
Ndi ya kampani ina yoyandikana ndi depotiyo, a boma ndi amene anatilozera. Ya m'dzenje. Deck ndi mamita 12, lole yanga ndi horse ndi trailer sizikwana, ndiye timayeza kawiri, kutsogolo kenako kumbuyo nkuphatikiza. February mpaka kumayambiriro a March. Sitika sindinayang'ane.

Injiniya wa Masikelo:
Mukanayamba ndi zimenezi. Kuyeza kawiri pa deck yaifupi kumafuna kuti msewu wolowera ndi wotulukira ukhale level ndi deck, mabuleki atamasulidwa. Ngati mbali yomwe ili kunja kwa sikelo yaima potsetsereka kapena pokwera, kulemera kumasamukira ma axle ena ndipo zomwe mwaphatikizazo si kulemera kwa galimoto. Pa lole yopanda katundu kusiyanako nkochepa, pa yodzadza nkwakukulu, ndiye net, kulemera kwa katundu yekha, ndi imene imavulala. Sikelo yogulitsirapo malonda imayenera kunyamula galimoto yonse nthawi imodzi. Chachiwiri, February ndi mvula. Sikelo ya m'dzenje ngati pampu yake siigwira, matope amadzadza pansi mpaka kukhudza deck. Galimoto yopepuka imawerenga bwino, ikabwera yolemera deck imatsika pang'ono nkukhala pa matope, ma load cell, tizida tomva kulemera, salandira katundu yense. Ndinakatsegulapo ina ku Mchinji, tinatulutsa mawilibala 30 a dothi ndi chule wamoyo, mwini wake akulumbira kuti sikelo yake sinalakwepo. Makoswenso amadya ma cable a ku junction box. Kayezeni lole yomweyo ndi katundu mmodzi pa sikelo imeneyo, kenako pa ina ya mamita 18 yokhala ndi sitika yatsopano, tsiku lomwelo, wa audit ali m'galimoto. Mukapeza kusiyana kwa makilogalamu 20 kapena 40 palibe nkhani, sikelo zambiri za matani 60 zimadumpha ndi 20. Mukapeza tani, mwapeza poyambira. Koma musakhudze seal kapena indicator, ngakhale mwini sikelo atakuuzani kuti mnyamata wake amadziwa kukonza. Zimenezo ndi za anthu ovomerezeka, kenako a MBS adzatsimikize ndi miyala yawo yoyezera.

Foloko 7:
Komanso mapaipi okhalitsa pansi amakhala odzadza dothi, mwina mpaka njoka. Ngati simunawagogode ndiye kuti mu 387 muli matope. Chitsulo chenicheni nchochepa kuposa pamenepo.

Wamalole Kanengo:
Inu Foloko mukundithandiza kapena mukundimaliza?

Mayi wa Masitolo:
Chenjezo pa zoyezanso. Usatulutse ngakhale chitsulo chimodzi pa yadi yatsopano popanda gate pass ndi kalata yololeza. Katundu uja tsopano ali m'manja mwawo. Ndipo funsa kaye kuti dizilo ndi kireni ya kuyezanso alipira ndani, zilembedwe. Ukangoyamba mwaulere adzakuuza kuti ubwereze maulendo onse 19.

QS wa ku Zomba:
Ndipo onani deti la performance security, chikole cha banki chija munapereka potenga kontirakiti. Ngati yatsala pang'ono kutha adzakuuzani kuti muiwonjezere, banki nayo idzafuna zake. Pemphani interim payment, malipiro a gawo la ntchito, pa 387 yomwe palibe akuitsutsa, zotsalazo zizikambidwa.

Kalaliki wa Limbe:
Interim payment kumapeto kwa chaka cha boma? Mwayiwala kuti zikalowa mu arrears ndiye kudikira mpaka ana amalize sukulu? Ine ya chaka chatha sindinaione. Tax clearance inatha ndikudikira, nditakatenga ina akuti voucher iyambirenso.

Foloko 7:
Paja alipo amene ali ndi forklift ya matani 5 yobwereketsa ku Lilongwe sabata ya mawa? Yathu mast ikudontha.

Admin:
Zobwereketsa ku gulu lina lija chonde. A Wamalole, mwapita kukaona sitika ija?

Che Sikelo:
Akapita akayezenso tare. Thanki yodzadza, kenako ili theka, anyamata atatsika. Abwere atiuze kuno.

QS wa ku Zomba:
Madala, deck ya mamita 12, matope a February, buku lodyedwa ndi chiswe, inu mudakali pa tare?

Che Sikelo:
Ndidakali pomwepo.

Foloko 7:
Ya matani 3 nayonso ingathandize ngati ilipo.