Ndikafike bwanji ku Loch Gruinart wopanda galimoto?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu a ku Scotland.

Ndikufuna kupita pachilumba cha Islay mu February kukaona atsekwe otchedwa barnacle, aja amabwera kuchokera ku Greenland mu October n'kubwerera mu April. Vuto ndi mayendedwe, galimoto ndilibe.

Basi ya ku Glasgow mpaka Kennacraig ndaipeza, sitima yowolotsa kuchokera pamenepo mpaka Port Askaig, doko la pa Islay, ndaipezanso. Koma pa ndandanda wa mabasi a pachilumbapo sindikuona yofika ku Loch Gruinart, komwe a bungwe loteteza mbalame la RSPB amasamalira mbalamezi. Ndalembera eni malo ogona ku Bowmore, tauni ya pachilumbapo, kufunsa za takisi, koma zii. Njinga ndinaiganizira, komatu nyengo imeneyo kumada msanga, mphepo nayo ndi yoopsa.

Alipo anafikako wopanda galimoto? Munayenda bwanji? Nanga atsekwewa amaoneka bwino m'bandakucha kapena madzulo? Chonde ndithandizeni.