Kodi malonda a pafoni anakupulumutsani nthawi ya korona?

Mayi wa zitenje, Limbe:
Abale, ndifunse nawo. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato, ndipo katundu ndinkakapikula ndekha ku Johannesburg pabasi. South Africa itatseka malire kumapeto kwa Malichi 2020, mabasi anaima. Kuno khoti linaletsa lokodauni ya masiku 21 ija, komabe mumsika munali zii. Mwana wanga wamkazi, yemwe anali pakhomo poti sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndiye anayala zitenje zotsala pamkeka, kuzijambula padzuwa la m'mawa kuti maluwa aoneke bwino, n'kuziika pa WhatsApp. Tsiku lomwelo amayi atatu anatumiza ndalama pa Airtel Money, wakabaza n'kukawasiyira katundu pakhomo. Lendi ya miyezi imeneyo inachokera mmenemo. Kodi anzanga zinakuyenderaninso chonchi, kapena ndi ife a m'tauni tokha?

M'bale wanu wa ku Joni:
Mayi, mwandikumbutsa kutali. Kale ndalama ndinkapatsira munthu wopita kumudzi, mu envelopu. Malire atatsekedwa panalibenso wopatsira. Kulesitilanti komwe ndimagwira anatiimitsa, koma kangachepe komwe ndinkapeza ndinkatumiza pa Mukuru, amayi anga ku Mangochi n'kulandira tsiku lomwelo. Mpaka lero sindinabwererenso ku envelopu.

Mlimi wa tomato, Ntcheu:
Amayi, kwathu kuno nkhani ndi ina. Foni yanga ndi ya mabatani, netiweki mpaka ukwere pachulu, bandulo nayo yodula. Za zithunzizo ife sitinazione, ndipo tomato wina anawolera m'madengu ndikuona, mtima kuwawa. Chomwe chinatithandiza ndi Mpamba. Mavenda a ku Blantyre ankaopa kuyenda, ndiye tinkangogwirizana mtengo pafoni, iwo kutumiza ndalama, ine kukweza madengu palole. Vuto linali pokatapa. Unkapalasa njinga mpaka patauni, kukapeza ajenti ndalama zamuthera, ubwerenso mawa.

Mlongo wa ku Area 25:
Musaiwale K35,000 ya pamwezi imene boma linkapereka m'mizinda mu 2021. Nayonso inkabwera pafoni, popanda kuthithikana pamzere. Aneba anga anayambira pomwepo geni ya mandasi.

Mayi wa zitenje, Limbe:
Bambo a ku Ntcheu, zandikhudza. Amayi omwe amandigula zitenje ndi omwewo amafuna tomato. Ngati pali mwana wa foni yojambula pafupi, mukakolola tumizani zithunzi, ndiziika pagulu lathu.