Ndingatsimikize bwanji kuti inshuwalansi ya galimoto yanga ndi yeniyeni?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za inshuwalansi. Mwezi watha ndinalipira ndalama kwa bambo wina pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu, amene anati ndi ejenti wa kampani ina, ndipo anandipatsa chiphaso chomata pagalasi popanda lisiti. Dzulo ndinaona kuti nambala ya galimoto pachiphasocho inachita kufufutidwa n'kulembedwanso, ndipo foni ya bamboyo sikupezekanso.

Popeza ndimanyamula ana kuchokera ku Luwinga kupita nawo kusukulu m'mawa uliwonse, mtima wanga suli m'malo. Kodi ndiyambe ndapita ku ofesi ya kampaniyo kukafunsa ngati chiphasochi chili m'mabuku awo, kapena ndikadandaule ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi ndi maejenti awo? Nanga ndalama zangazo zingabwezedwe?