Za malo a mafakitale: tikanene chiyani Lachisanu?

Wapampando: Moni nonse, abale ndi alongo. Nkhani imene takhala tikuimva m'mphekesera ija yafika poyera. Akuluakulu a ku unduna woona za mafakitale anakumana ndi a bwanamkubwa, makhansala ndi mafumu, ndipo akufuna kupatula malo kwathu oti pamangidwe mafakitale. Unduna ukuti udzasaka eni makampani ndi kuwapeputsira misonkho, khonsolo ipeze malo ndi kukambirana ndi eni minda. Ife ngati gulu atiitana kumsonkhano Lachisanu. Sindikufuna ndikayankhule za m'mutu mwanga, ndiye tiyeni tikambirane pano.

Wachinyamata: Zikomo a wapampando. Ine ndikuti tivomere lero lomwe. Anzanga amene ndinamaliza nawo sukulu ali pakhomo ndi satifiketi m'chikwama, ena anathawira kunja kukagwira maganyu. Tikayamba kuchulukitsa mafunso, ntchitoyi aitengera kuboma lina ndipo tidzangoimva pawailesi.

Mayi msungichuma: Mwanangu, ulova wa ana athu umatipweteka tonse, inenso ndili nawo awiri pakhomo. Koma malo akunenedwawo si tchire. Muli minda ya anthu. Ndinaonapo ndi maso anga mmene zimakhalira pamene munda wa mayi anga unatengedwa pa ntchito ina zaka zapitazo. Anabwera anthu ndi tepi, anayeza, anawerenga mitengo, mayi n'kudinda chala papepala limene sanawawerengere. Chipukuta misozi chinabwera mochedwa, mtengo wa zinthu utakwera kale, ndipo sichinakwane kugula munda wina. Mayi anamwalira akulima munda wobwereka. Ndiye funso langa loyamba ndi lakuti: ndani adzalipire eni minda, unduna kapena khonsolo, ndipo adzalipira thirakitala isanalowe kapena italowa kale?

Aphunzitsi opuma: Mayi mwakhudza pamene pali bala. Ndiloleni ndikambeko za kwa anzathu, poti nkhani zoterezi sizinayambire kwathu. Ku India, m'dera la Singur ku West Bengal, boma la chigawo linatenga minda pafupifupi maekala 1,000 mu 2006 kuti kampani ya Tata imangepo fakitale ya magalimoto. Alimi ambiri anakana, kunali zionetsero zosatha, ndipo mu 2008 Tata inasamutsira ntchitoyo ku Gujarat fakitale itatsala pang'ono kutha. Mu 2016 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti malowo anatengedwa mosatsata lamulo ndipo abwezedwe kwa eni ake. Taganizani, zaka khumi zathunthu: fakitale palibe, ntchito palibe, minda yathiridwa konkire. Amene anathamangitsa kampaniyo si mafunso a alimi, koma kuti mafunsowo sanayankhidwe pachiyambi. Choncho mwana wanga wachinyamata, kufunsa si kukana chitukuko.

Wachinyamata: Ndamva aphunzitsi, ndipo sindikunyoza za minda. Koma bwanji osatchulanso kumene zinayenda? Shenzhen ku China inali tauni yaing'ono, lero ili ndi anthu oposa 17 miliyoni.

Aphunzitsi opuma: Wachita bwino kuitchula, chifukwa phunziro lake ndi la nkhani yathu yomweyi. Shenzhen inakhazikitsidwa kukhala dera lapadera la zachuma mu 1980, pamodzi ndi Zhuhai, Shantou ndi Xiamen. Koma anayamba kupempha ndi atsogoleri a chigawo cha Guangdong, kumene kuli Shenzhen, mu 1979, kuti boma la ku Beijing liwapatse mphamvu zoyendetsa okha zina za malonda ndi kukopa makampani. Chachikulu chimene Beijing inapereka chinali mphamvuzo, kuti wa kampani akafuna chilolezo chithere pomwepo osadikira likulu. Komanso Shenzhen inagundana ndi Hong Kong, kumene kunali ndalama, doko ndi eni mafakitale ofuna malo otsika mtengo. Tsono ife tifunse: mu mgwirizanowu khonsolo yathu ikupatsidwa mphamvu yanji? Ngati ntchito yake ndi yongosonyeza malo ndi kukhazika anthu mitima pansi, pomwe zilolezo, ndalama ndi ziganizo zonse zili kulikulu, ndiye kuti khansala adzasenza mkwiyo wa anthu pa zinthu zimene sangazisinthe.

Mlembi: Mfundo imeneyo ndailemba. Pitirizani.

Wa zamagetsi: Moni akuluakulu. Ine ndimagwira ntchito yokonza makina pafakitale ina yopanga zinthu zapulasitiki, ndiye ndiyankhulako za kumene ndimagwira ndi manja. Magetsi akazima makina ali mkati mwa ntchito, pulasitiki yosungunuka ija imaumira m'kati mwa makinawo. Akayakanso sitimangoyatsa ayi, timayamba tatenthetsa, kumasula, kupala, ndipo theka la tsiku limathera pomwepo, katundu amene anali pamzere n'kutayidwa. Jenereta imathandiza, koma dizilo wake amadya phindu lonse. Mwini fakitale aliyense asanafunse za msonkho amayamba wafunsa za magetsi, madzi ndi msewu. Mzere wa magetsi umene umafika kwathu ndi wa m'nyumba ndi zigayo. Mafakitale amafuna sabusiteshoni yawoyawo, malo olandirira ndi kugawira magetsi amphamvu. Imeneyo khonsolo singamange, ngakhale unduna wa mafakitale sungamange wokha popanda a zamagetsi. Kodi iwowo analipo pamsonkhano uja? Nanga a zamisewu? Ngati sanalipo, tidzakhala ndi mpanda, geti ndi chikwangwani, m'kati mukumera udzu, minda itapita.

Wapampando: Monga ndamvera, sanalipo. Limenelo ndi funso lolemera, achimwene.

Achemwali a kunja: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ndawerenga zonse. Ndikufuna ndiwonjezere za ku Ethiopia, chifukwa ambiri amatchula Hawassa ngati chitsanzo cha ku Africa. Malo a mafakitale a ku Hawassa anatsegulidwa mu 2016, boma litamanga mashedi, kukoka magetsi ndi kuika makina oyeretsera madzi ochokera m'mafakitale kuti asaononge nyanja ya pafupi. Makampani osoka zovala anabweradi, ndipo anthu masauzande ambiri, makamaka atsikana, analembedwa ntchito. Mpaka apo zinayenda. Koma malipiro oyambira anali pafupifupi madola 26 pamwezi, nyumba zogona m'tauni zinali zosowa ndi zodula, atsikana ankapanikizana angapo m'kachipinda kamodzi, ndipo ambiri ankasiya ntchito patangotha miyezi yochepa. Boma lalikulu linaganizira za mashedi, koma za kumene wantchito adzagone, madzi akumwa, chipatala ndi mayendedwe zinagwera akuluakulu a mzinda amene analibe ndalama zake. Kenako America inachotsa Ethiopia pa AGOA, dongosolo limene linkalola katundu wa maiko ena a ku Africa kulowa ku America popanda msonkho, kuyambira Januwale 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Tigray, kumpoto kwa Ethiopia, msika waukulu wa zovalazo n'kuvuta. Kudalira msika umodzi ndi katundu wa mtundu umodzi n'koopsa.

Wachinyamata: Achemwali, madola 26 ndi ochepa, sindikana. Koma amene alibe kalikonse amasankha chiyani? Inu muli pantchito, ife tikudzuka opanda kopita. Nthawi zina ndimaona ngati akuluakulu mukuopa matope mpaka kukana mvula.

Achemwali a kunja: Mlongo wanga, mawu akowo andilasa ndipo sindikutsutsa. Ndinachoka kwathu chifukwa cha ulova womwewo, ndipo ana anga akukula osawadziwa agogo awo. Ndikufuna fakitale ibwere kuposa mmene ukuganizira. Chimene sindikufuna n'chakuti iwe udzalowe m'mawa n'kutuluka patatha miyezi itatu chifukwa malipiro athera lendi.

Amalume a kwa amfumu: Ana anga, ndakhala ndikungowerenga. Kunena zoona, amfumu ali pakati pa moto. Akuluakulu a boma akabwera amafuna yankho tsiku lomwelo, ndipo mfumu ikanena kuti ndikafunse kaye anthu, imaoneka ngati yodana ndi chitukuko. Ikavomera, mawa anthu ake amati yagulitsa malo. Chimene chingawathandize ndi pepala. Mgwirizanowu ulembedwe, uwerengedwe pabwalo m'chinenero chimene aliyense akumva, ndipo aliyense asaine mbali yake. Pakhalenso mawu akuti ngati papita zaka zakutizakuti osamangapo kanthu, malowo abwerere kwa eni ake. Nduna zimasinthidwa, a bwanamkubwa amasamutsidwa, makhansala amagwa pachisankho. Amene amatsala ndi mfumu ndi anthu ake.

Mayi msungichuma: Amalume mwanena zimene zinali mumtima mwanga. Ndiwonjezere kuti poyeza minda pakhale mboni zosankhidwa ndi eni minda, ndipo amayi amasiye ndi okalamba awerengeredwe pepala asanadinde.

Wa zamagetsi: Chinanso, bwanji ayambe ndi kagawo kochepa? Akoke magetsi ndi madzi pamenepo, abwere makampani awiri kapena atatu, tione utsi ukufuka, kenako akuze. Kutenga malo onse nthawi imodzi ndi kumene kumasiya minda ili gonegone. Ndipo mafakitale oyamba akhale ogula zimene alimi a kuno amakolola, kuti ngakhale amene sanalembedwe ntchito apezepo msika.

Aphunzitsi opuma: Apo pokha ndisiyana nanu pang'ono, achimwene. Kagawo kakachepa kwambiri, a zamagetsi adzati sabusiteshoni siingabweze ndalama zake, ndipo tidzazungulira pomwepo. Mapulani akhale a malo onse, koma kusamutsa anthu kuchitike gawo ndi gawo, aliyense azilima mpaka tsiku limene gawo lake lafikiridwa ndipo walipidwa.

Wachinyamata: Zimenezo ndavomera. Koma ndikupempha chimodzi, a wapampando. Lachisanu mawu oyamba akhale akuti tikuifuna ntchitoyi. Mafunso abwere pambuyo. Ndipo mufunsenso za maphunziro a ntchito zamanja, chifukwa akapanda kutiphunzitsa kuwotcherera ndi kuyendetsa makina panopa, ntchito zabwino zidzapita kwa obwera, ife tidzatsala ndi ulonda ndi kusesa.

Wapampando: Ndamva, ndipo ndidzayamba ndi mawu amenewo. Iwenso upite nawo, ukanene wekha za maphunzirozo. A mlembi, konzani kalata ifike kwa a bwanamkubwa Lachitatu, yopempha kuti a zamagetsi, a zamadzi ndi a zamisewu adzakhalepo, komanso kuti atipatse kope la mgwirizanowo tisanalowe m'chipinda. Amalume, tithandizeni kuitana eni minda awiri kapena atatu, makamaka amayi, adzakhale nafe.

Amalume a kwa amfumu: Ndipita kwa amfumu mawa m'mamawa. Nanga kope lija akakana kutipatsa, tidzalowabe mumsonkhano?

Wapampando: Tidzalowa, amalume, koma sitidzasaina kanthu.