Thandizeni: mwala wa m'khitchini wathimbirira, grout nayo yada

Membala wosatchula dzina: Abale ndi alongo, ndigawireni nzeru. Mwala umene tinaika pa kauntala ya m'khitchini watuluka mawanga otuwa amene sakuchoka, ndipo grout ya pakati pa matailosi yada bii. Mmisiri amene anauika analandira ndalama zonse n'kusiya kuyankha foni, alamu anga amene tikuwasunga amagoneka mapoto amafuta pamenepo, ndipo bambo a kunyumba akuti vuto ndi ine chifukwa ndinakana kauntala yamatabwa. Apongozi akufika Loweruka.

aNgozo: Mayi, munataya ndalama. Ife tinakulira pa simenti yofiira yopaka Cobra, ndipo palibe amene ankadandaula pa gulu.

aNaphiri: Simunanene chofunika kwambiri: mwalawo ndi marble kapena granite, ndipo mumautsukira chiyani? Marble amadyeka ndi asidi, kotero kuti viniga, mandimu ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi amasiya mawanga amene si litsiro ayi, koma kudyeka kwa mwalawo, ndipo amachoka pokhapokha mwalawo ukasalazidwanso. Granite amapirirako.

aNgozo: Zamasukulu zimenezo. Sakanizani Jik ndi viniga, muthire paliponse, muona okha.

Bambo Banda, Johannesburg: aNgozo, chonde fufutani zimenezo. Jik akasakanizidwa ndi viniga amatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka mapapo, makamaka m'khitchini yotseka mawindo.

aNgozo: Inu a ku Joni mumaopa chilichonse. Ine ndidakali moyo.

aNabanda: Amisiri a masiku ano ndi otero. Wathu anaika matailosi osafika m'makona, ndipo mpaka lero tikaponda amalira, koma iye akuyenda ndi galimoto.

aChisale: Yalanipo chitenje mpaka apongozi abwerere, ndipo alamuwo muwapatse ya basi.

aNaphiri: Pa grout, kandani soda ndi madzi pang'ono, mutsuke ndi mswachi wakale osakwecha mwalawo. Mwala weniweniwo muziutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale basi. Dontheziranipo madzi, pakada patangopita mphindi zochepa, ndiye kuti ukumwa madzi ndipo ukufunika sealer, mankhwala oteteza mwala kuti usamamwe madzi, amene amapakidwa pouma bwino.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Za alamuwo sindingathe, ndi mng'ono wa bambo a kunyumba.

aNaphiri: Nanga mwalawo ndi wanji, mayi?

aNgozo: Ugumuleni basi, muike simenti.