Zaka 27 koma andipeza ndi BP, thandizeni nzeru

Abale anga, ndili ndi zaka 27, ndimapalasa kabaza kuno ku Bangula. Mwezi wathawu mutu unkandipweteka kunkhongo m'mawa uliwonse mpaka ndinapita kuchipatala. Atandiyeza BP anapeza 158/98, sabata yotsatira 152/96. Anandiuza kuti ikamangokhala pa 140/90 kapena kupitirira apo, ndiye kuti ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Ine ndinkayesa ndi matenda a agogo ndi mabwana a mimba zikuluzikulu!

Anandipatsa hydrochlorothiazide, piritsi limodzi m'mawa. Koma ndiye akundikodzetsa. Ndi dzuwa lathu la kuchigwali, pofika masana thukuta lili kamukamu, ndipo ndikatsika panjinga ndimamva chizungulire. Amene munamwapo, kodi zimatha thupi likazolowera, kapena ndibwerere akandisinthire? Mnzanga wina amamwa amlodipine, akuti iye anamutupitsa akakolo.

Za mchere ndiye zandiimitsa mutu. Akuti usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Nanga nsomba zouma zothira mchere zimene timadalirazi, kuziviika kaye m'madzi kungathandize? Pakhomo timadya mphika umodzi, komanso amayi saphika therere popanda soda. Mowa ndinasiya, fodya sindisuta.

Chinanso, amalume akuti ndisiye mapiritsi ndizingodya adyo ndi masamba a chamwamba, poti ukayamba mankhwalawa ndi mpaka kalekale. Sindinawamvere. Alipo wachinyamata amene adokotala anamuchepetsera mankhwala atasintha kadyedwe? Zinatenga miyezi ingati?